Dothi lomwe sindinalifunse ndisanamange

Mng'alu woyamba ndinauona m'mwezi wa Seputembala, chaka chachitatu chilowereni m'nyumba yathu. Unayambira pangodya ya zenera la chipinda cha ana n'kutsika chopendekera, kutsata mizere ya njerwa ngati masitepe, mpaka kukathera chapansi pafupi ndi khonde. Unali waung'ono ngati ulusi wosokera. Mayi a kunyumba anati mwina ndi pulasitala chabe, ine ndinavomera msanga chifukwa ndi zimene mtima wanga unkafuna kumva. Ndinagula thumba la simenti, mnyamata wina anamata, tinapaka penti.

Mvula itakhazikika mu Disembala, chitseko cha chipinda chomwecho chinayamba kukanirira, moti ana ankachita kuchikankha ndi phewa. Tinachipala. Chilimwe chitabwerera, mng'alu unatsegukanso pomwe paja, tsopano wokulirapo, ndipo unabereka unzake kukhoma la kuseri. Pofika mu Okutobala ndinkatha kulowetsamo ndalama yachitsulo, ndipo getsi la panja likayaka kuwala kunkadutsa m'khoma n'kugwera pansi m'chipinda. Usiku wina mwana wathu wamng'ono anandifunsa ali m'bulangete: "Adadi, nyumbayi itigwera?" Ndinati ayi, gona. Kenako ndinatenga tochi n'kuzungulira nyumba yonse ndikugwiragwira makoma, ndipo tulo sindinatione mpaka tambala woyamba.

Puloti ndinagula chakumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, m'madera aja amene dzana munali minda ya chimanga ndi fodya koma lero muli malata okhaokha. Ndinakaona malowo mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Pansi panali gwa, udzu utapsa, malo otsetsereka pang'ono kulowera kudambo kumene kunkaoneka madimba a masamba. Ndinayang'ana msewu, mapolo a magetsi, mtunda wa kusukulu ya ana. Ndinafunsa za malire, ndinafunsa ngati malowo sanagulitsidwepo kwa wina, ndinapita kukaonana ndi amfumu, ndinasainitsa mboni. Mafunso anali mbwee tsiku limenelo, koma la dothi panalibe ngakhale limodzi.

Amisiri amene anandimangira anali bambo achikulire, aulemu, odziwa kuimika khoma loongoka. Sindikuwanyoza, ndipo mpaka lero tikakumana timapatsana moni wa manja awiri. Anakoka zingwe, anyamata n'kukumba ngalande za maziko, kuya kofanana kuzungulira konse, kupitirira bondo pang'ono. Ndinafunsa ngati pafika. Iwo anati, "Bwana, ife faundeshoni timakumba chonchi kulikonse, ndipo palibe nyumba yathu inagwapo." Ndikukumbukira bwino milu ya dothi imene inali m'mbali mwa ngalandezo. Chakumtunda inali yofiira. Chakumunsi inali yotuwa modera, zigulumwa zake zolimba ngati mwala. Pangodya imodzi fosholo inkatulutsa phulusa, zidutswa za njerwa ndi majumbo ong'ambika. Ndinaloza pamenepo, amisiri n'kunena kuti, "Musadandaule, tithirapo simenti wambiri." Ife Amalawi simenti timamukhulupirira ngati mankhwala a matenda onse. Ndinangogwedeza mutu, n'kubwerera kuntchito.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ine ndine mwana wa mayi wodziwa dothi. Ndinakulira ku Phalombe, m'chigwa choyang'anizana ndi phiri la Michesi. Amayi anga ndi mlimi komanso woumba mbiya. Kwa iwo dothi si chinthu chimodzi. Pali katondo, wofiira, womwa madzi bwino, wokonda chimanga ukamuthira manyowa. Pali makande, akuda bii, omata ku khasu nthawi ya dzinja mpaka mapazi kulemera ngati wavala nsapato za njerwa, koma chilimwe ong'aluka ming'alu yoti anapiye amagweramo. Pali mchenga, pali lubwe wa timiyala, pali dothi la pachulu, pali mtsiro wozirira nyumba, pali dongo la mbiya. Amayi akafika pamalo achilendo amawerama, kutapa dothi, kulilavulira malovu, kulifinya pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, mwina kulilawa kumene kuti amve ngati muli mchenga wokukuta m'mano. Ndinakula ndikuona zimenezi tsiku ndi tsiku. Munthu wa kwathu sangabzale mpunga pa katondo kapena chinangwa m'makande. Koma ine, mwana wawo wopita kusukulu, ndinakaika ndalama za ngongole ya zaka zisanu pa dothi limene sindinaligwire n'komwe.

Amene anandithandiza ndi mnzanga wa kutchalitchi, yemwe anandilumikiza ndi injiniya wina, mayi wachitsikana wogwira ntchito za misewu ndi nyumba. Anabwera Loweruka m'mawa atavala majombo, ali ndi anyamata awiri onyamula piki, fosholo ndi chitsulo chachitali. Ine ndinkaganiza kuti ayambira pamng'alu. Anauyang'ana pang'ono chabe, kuona kuti ndi wotakata kumwamba ndi wopanikizika kumunsi, n'kutuluka panja. Anayenda mpaka kudambo, kuyang'ana kumene madzi a mvula amadzera, kuyang'ana mtengo wa bulugamu umene ndinabzala pafupi ndi khoma la kumunsi, kuyang'ana pamene madzi a padenga amagwera. Kenako anakagogoda kwa agogo ena oyandikana nafe, amene anabadwira pamalopo mzinda usanafike.

"Agogo, pamalo pano kale pankachitika chiyani?"

Agogowo sanachedwe. "Apo pali ngodya ya nyumbayo? Pamenepo panali nkhuti, mwana wanga. Anyamata ankaumba njerwa. Atasiya, tonse tinkatayamo zinyalala mpaka inadzadza. Ndipo chakumunsiko, mwezi wa Febuluwale sungadutse osavula nsapato."

Injiniya anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Bambo, theka la lipoti langa ndi limeneli." Anandifotokozera kuti kufufuza dothi la malo omangapo kumayamba munthu asanakumbe paliponse: kuona mapu a miyala ndi nthaka monga amene amasungidwa ku dipatimenti ya Geological Survey ku Zomba, kuyenda pamalopo ndi maso, kuona zitsime ndi zimbudzi za anthu oyandikana nawo, kuona ngati nyumba zawo zili ndi ming'alu, ndi kufunsa akuluakulu. Wokumba zimbudzi m'mudzi, anatero, amadziwa zimene zili pansi kuposa wina aliyense, chifukwa iye analowamo mamita atatu.

Anyamata anakumba maenje atatu, lililonse lakuya pafupifupi mamita awiri. Tinaima pamwamba pa loyamba, la kumtunda, iye n'kutsikiramo ndi tepi ndi kampeni. Khoma la dzenje linali ngati buku lotsegula. Pamwamba panali dothi lakuda pang'ono la mizu, lokwana chikhato ndi theka, limene anati pomanga liyenera kuchotsedwa lonse chifukwa limawola n'kutsika. Pansi pake katondo wofiira, wolimba, ndipo kumunsi kwenikweni lubwe wogwirana woti piki inkachita kulira. Anati dera lalikulu la chigwa cha Lilongwe lili chonchi: thanthwe lakale kwambiri limene linafumbutuka pang'onopang'ono pomwepo ndi mvula ndi kutentha, n'kusanduka dothi lofiira lakuya. Kufiirako ndi dzimbiri la chitsulo cha m'miyalayo. Dothi lotere kawirikawiri limanyamula nyumba ya pansi popanda vuto, ngakhale anandichenjeza kuti pali katondo wina wa timabowo tambiri, wooneka wolimba akauma, amene amafwafwanyika mwadzidzidzi akanyowa ali ndi katundu pamwamba.

Dzenje lachiwiri, la kumunsi, linali dziko lina. Mamita khumi ndi awiri okha kuchokera pa loyamba, koma dothi lotuwa modera, lomata, lokhala ndi ming'alu yotsika kupitirira mita. Anabenthula chigulumwa n'kundionetsa mkati mwake: nkhope yosalala, yonyezimira ngati yapukutidwa. Anati kusalalako ndi umboni wakuti dothilo limayenda, limakhulana lokhalokha likamafufuma ndi kunyala chaka ndi chaka. Chapansi panali madontho achikasu ndi otuwa, chizindikiro chakuti madzi amakwera kufika pamenepo nthawi ya dzinja n'kukhalitsa. Maziko a nyumba yanga mbali imeneyo anali atakhala pakati penipeni pa gawo limene limapuma chonchi.

Lachitatu silinafune kufotokozera. Phulusa, mabotolo osweka, chidendene cha nsapato, majumbo, zibenthu za njerwa, mpaka kupitirira mita ndi theka.

Chitsulo chachitali chija amachitcha DCP. Ndi ndodo ya chitsulo yokhala ndi nsonga yosongoka kumunsi, ndi nyundo yolemera makilogalamu 8 imene imatsetsereka pandodoyo. Mnyamata amakweza nyundo mamilimita 575 n'kuisiya kuti igwe yokha, wina n'kumawerenga pa rula kuti ndodo yalowa motani pa kumenya kulikonse. Kumtunda kuja nyundo inkagwa, phokoso n'kumveka mpaka kumsewu, ndodo n'kungosuntha pang'ono ngati kukula kwa njere ya chimanga. Pangodya ya nkhuti, nyundo itagwa kamodzi kokha ndodo inamira kuposa kutalika kwa chala changa, kachiwiri chimodzimodzi, kachitatu mnyamata anachita kuigwira kuti isapendekeke. Palibe amene analankhula. Ndinamva m'mimba kuzizira, chifukwa pamwamba pa malo amenewo ndi pamene panali bedi la ana anga.

Anatenga dothi la dzenje lililonse m'matumba a pulasitiki, kumanga bwino kuti chinyontho chisathawe, kulemba nambala ya dzenje ndi kuya kwake. Ndinapempha kuti ndikaone nawo zimene amachita ku labotale, ndipo ndimathokoza kuti anandilola, chifukwa kumeneko ndi kumene ndinaona chinthu chimene chinandipangitsa kulemba nkhaniyi.

Poyamba anasefa dothi pa masefa osanjikizana, a mabowo aakulu pamwamba, aang'ono pansi, kuti adziwe kuchuluka kwa timiyala, mchenga ndi fumbi losalala. Zimenezo ndinazimva msanga. Kenako bambo wina wa kumeneko anatenga makande aja a dzenje la kumunsi, kulinyowetsa, kulikanda, n'kuyamba kulipota ndi chikhato pa galasi mpaka linasanduka kachingwe. Analipinda, kulikandanso, kulipotanso, mobwerezabwereza, kufikira pamene kachingweko kanayamba kuduka katafika mamilimita atatu kunenepa kwake. Pamenepo anayeza madzi otsala m'dothimo. Anayezanso kuchuluka kwa madzi kumene dothilo limayamba kuyenda ngati phala. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndi kumene kumawauza kuti dothi ndi lomata motani, ndipo kukakula amadziwa kuti ali ndi dothi lofufuma. Njirayi imatchedwa ndi dzina la Albert Atterberg, katswiri wa ku Sweden amene anaiyambitsa cha m'ma 1911, ndipo n'zochititsa chidwi kuti iyeyo ankafufuza dothi la ulimi, a zomangamanga anachita kubwereka pambuyo pake.

Ine ndinaima pamenepo ndikuona manja a amayi anga. Ndi momwemo ndendende mmene amapotera dongo asanayambe kuumba, kuona ngati kachingwe kakupindika popanda kuthyoka. Bamboyo anadzaza dothi lonyowa m'kachikombole kachitsulo kotalika mamilimita 140 n'kuika mu uvuni. Litauma linali litafupika moonekeratu, litapindika ngati nthochi, pamene katondo anangofupika pang'ono. Amayi amadziwa kuti dongo lonona kwambiri limasweka pouma, n'chifukwa chake amalisakaniza ndi lamchenga. Nzeru ndi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti a ku labotale amaiika pa sikelo n'kuilemba m'manambala, kuti injiniya athe kuwerengera kuti maziko akhale otakata bwanji, akuya bwanji, ndi zitsulo zingati.

Injiniya anandifotokozera chifukwa chimene makande amachitira zimenezi. Dongo lililonse ndi timapepala tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tosanjikizana. M'katondo, timapepala tambiri ndi ta mtundu wotchedwa kaolinite, togwirana zolimba, madzi salowa pakati pake. M'makande muli ta mtundu wa montmorillonite, timene timalola madzi kulowa pakati n'kutikankha, ndiye dothi lonse limatupa. Likauma limabwerera. Mphamvu ya kutupako ndi yaikulu kuposa kulemera kwa nyumba ya pansi ya njerwa ndi malata, kotero nyumba zing'onozing'ono ndi zimene zimavutika kwambiri kuposa zosanja zolemera. Ndipo choipa si kukwera kapena kutsika kokha ayi. Nyumba yonse itakwera pamodzi n'kutsika pamodzi, palibe chingasweke. Chimaswa khoma n'chakuti mbali ina yasuntha pamene ina yakhala chilili. Pakati pa nyumba dothi limasunga chinyontho chifukwa dzuwa silifikapo, m'mphepete limauma chilimwe n'kunyowa dzinja. Kwa ine zinali zoposa apo: mbali ya kumtunda inali njii pa katondo, ya kumunsi ikukwera ndi kutsika ndi nyengo, ngodya imodzi ikumira pang'onopang'ono m'zinyalala zowola, bulugamu naye akuyamwa madzi pansi pa maziko chilimwe chonse. Njerwa ndi matope a simenti zimapirira kupsinjidwa, koma kukokedwa ayi. Simenti wambiri uja sakanatha kuchita kanthu.

Sanathamangire kukonza. Anamata timagalasi ting'onoting'ono modutsa ming'alu, kulemba deti pambali ndi pensulo, n'kundiuza kuti ndiziyeza ndi rula pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo," anatero. "Tikufuna tidziwe kuti ndi uti ukupuma ndi nyengo, ndi uti ukungokulirakulira." Ndinachita zimenezo miyezi isanu ndi itatu, m'kope la sukulu. Wa kumunsi unkatsekeka mu Janyuwale n'kutseguka mu Ogasiti. Wa pangodya sunabwerere ngakhale kamodzi.

Kukonza kunali kowawa. Pangodya ya nkhuti anakumba pansi pa maziko, chigawo cha mita imodzi nthawi imodzi, kudumphadumpha kuti khoma lisatsale lili lende, mpaka kufika dothi lenileni, n'kuthira konkire. Kumunsi anazamitsa maziko chimodzimodzi kufika pamene chinyontho sichisinthasintha kwambiri. Anatiuza kuika magatala padenga ndi kulondolera madzi kutali, kuwaka khonde la konkire lotakata kuzungulira nyumba lotsetsereka kunja, kusuntha dzenje la madzi a kubafa, ndi kusiya kuthirira maluwa m'mphepete mwa khoma. Bulugamu tinadula, koma anatichenjeza kuti tisamate ming'alu nthawi yomweyo, chifukwa mtengo ukachoka dothi limayamba kubwezeretsa madzi amene unkamwa, ndipo limatupa kwa nthawi ndithu lisanakhazikike. Ndalama zonse zimene zinapita pamenepo zikanalipira fizi ya mwana ku sekondale zaka zingapo. Ndinamufunsa kuti akanabwera ndisanamange akanandiuza chiyani. Anati, "Sunthani nyumba mamita asanu ndi atatu kumtunda. Basi." Malo analipo. Ndinasiya kumtundako kuti kudzakhale bwalo loimikapo galimoto.

Chichokereni pamenepo maso anga anasintha, ndipo ndikamayenda m'dziko lino ndimaona pansi. Ukatsika Thabwa kulowa m'chigwa cha Shire, ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, makande ali ponseponse m'minda ya thonje ndi mzimbe, ndipo ukayang'anitsitsa makoma a nyumba zambiri za njerwa uona masitepe omwe aja pangodya za mawindo. Kwathu ku Phalombe ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa n'chimodzimodzi. Makolo athu ankamanga nyumba za mitengo ndi zomata, zopepuka, zotha kupindika pang'ono dothi likasuntha, ndipo chaka chilichonse amayi ankazira ming'alu n'kutha. Ife tabwera ndi njerwa zootcha ndi mabuloko, zouma gwa, zosadziwa kugonja, koma maziko tikukumba ngati a nyumba ya agogo. M'malo oterowo mainjiniya amasankha pakati pa njira zingapo: kuchotsa makande n'kubwezeramo dothi labwino lotsenderedwa m'magawo a masentimita 15, kuzamitsa maziko, kapena kuthira silabu imodzi yolimba ya zitsulo yokhala ndi mitanda pansi kuti nyumba iziyandama ngati bwato. Lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa mawindo, amene amisiri amati ring'i bimu, ndi waya woyala m'mizere ya njerwa, zimathandiza kuti khoma ligwirane. Koma kusankha njira kumafuna kudziwa kaye chimene chili pansi.

Kunyanja vuto ndi lina. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chimene nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo zivomerezi si nkhani ya kunja. Cha ku Salima mu Malichi 1989 chinagwetsa nyumba zambiri ndi kupha anthu. Ku Karonga mu Disembala 2009 kunabwera zivomerezi zotsatizana, ndipo m'malo ena a mchenga wonyowa pafupi ndi nyanja nthaka inang'ambika, madzi ndi mchenga n'kutumphuka kuchokera pansi. Mchenga wosagwirana, wodzadza madzi, ukagwedezeka umataya mphamvu kwa kanthawi n'kukhala ngati phala, ndipo chilichonse chokhala pamwamba chimamira kapena kupendekeka. Mchenga womwewo tsiku wamba ndi wabwino kumangapo. Pa nyumba zikuluzikulu ndi milatho, DCP sakwanira. Amaboola ndi makina mamita ambiri n'kuchita muyeso wotchedwa SPT, wa nyundo ya makilogalamu 63.5 yogwa mamilimita 760, kuwerenga kuti yamenya kangati kuti chitsulo chilowe masentimita 30. Nambala ikachepa m'mchenga wa pansi pa madzi, amadziwa kuti pafunika mizati yozama yokafika pa dothi lolimba.

Za mapiri ndimalemba mtima ukugunda. Ndinali mnyamata wa ku pulayimale mu Malichi 1991 pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi. Mvula inagwa masiku, dothi la m'phiri linakhuta madzi, n'kusiyana ndi thanthwe, n'kutsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Anthu mazanamazana anapita. Miyala ina ikadali m'minda mpaka lero, ndipo alimi amangoilambalala. Patatha zaka 32, mwezi womwewo wa Malichi mu 2023, namondwe wa Freddy anachita zomwezo paphiri la Soche ku Blantyre, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, komanso ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira. Sindingaimbe mlandu munthu womanga m'phiri chifukwa alibe kwina kopita. Lendi ya m'tauni ndi yowawa ndipo malo athyathyathya ali ndi eni ake. Koma ndimalakalaka aliyense wodula phiri kuti apeze pomanga akanadziwa chinthu chimodzi: theka la malo amene wasalazawo ndi dothi lenileni, theka lina ndi lomwe wangokankhira kutsogolo, ndipo lokankhiralo silinyamula khoma. Ndiponso miyala ikuluikulu yobulungira imene ili m'munsi mwa phiri sinamere pamenepo. Inachita kubwera, ndipo njira imene inadzera ikadalipo.

Akatswiri a ntchitoyi tili nawo. Ku MUBAS, imene tinkaitcha Polytechnic, amaphunzitsa za dothi ndi maziko. Boma lili ndi Central Materials Laboratory ku Lilongwe, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga limalembetsa makontirakitala, ndipo makhonsolo a mizinda amaona mapulani. Misewu, milatho ndi nyumba zosanja zimayezedwa dothi ntchito isanayambe. Koma nyumba zambiri za anthu wamba sizidutsa kumeneko. Zimamangidwa ndi mphunzitsi, namwino, wogulitsa kaunjika, kapena m'bale amene ali ku Johannesburg wotumiza ndalama mwezi ndi mwezi n'kumalandira zithunzi pa WhatsApp. Pazithunzipo pamaoneka khoma likukwera, malata akukhomedwa, matailosi akuyalidwa. Cha m'ngalande ya maziko palibe amajambula, ndipo ikakwiriridwa ndiye basi. Timalolera kulipira zambiri pa geti ndi penti yoti anthu aone, koma kuitana injiniya tsiku limodzi timati n'kuwononga. Ine ndinaganizapo chomwecho, ndiye ndikudziwa mmene maganizowo amakomera ndalama zikachepa.

Chaka chatha mng'ono wanga anandiimbira kuti wapeza puloti yotchipa kunja kwa tauni ya Zomba, mbali ya kunyanja ya Chilwa, ndipo mwini wake akufuna ndalama sabata yomweyo. Unali mwezi wa Novembala, mvula isanagwe. Ndinamupempha kuti adikire mpaka Febuluwale. Anakwiya pang'ono. "Achimwene, malo apita awa." Ndinati ngati apita apite, koma sindikuthandiza ndi tambala yomwe tisanakumbe. Mwini malo anavomera kudikira atalandira kachikole.

Tinapita mu Febuluwale, ine, iye ndi amayi, amene tinakawatenga ku Phalombe. Akalamba tsopano, amayenda ndi ndodo. Tinabwereka piki ndi fosholo, tinalemba ganyu anyamata awiri, n'kukumba maenje awiri m'malo amene ankafuna kuika nyumba, lina lachitatu chakumtunda pafupi ndi mtengo wa mango. Amayi anakhala pa chitenje chawo m'mphepete, ife n'kumawapatsira dothi la gawo lililonse. La dzenje loyamba analinyowetsa, kulipota pa ntchafu, kachingwe n'kutalika mpaka kulendewera osaduka. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ili ndi la mbiya ili, mwananga. Undipakirire m'thumba ndipite nalo."

La kumango linafumbutuka m'manja mwawo, lofiirira, la timiyala. Analilawa, kulavula, n'kugwedeza mutu movomera.

Tinaphimba maenjewo ndi malata akale kuti mvula isagweremo ndi kuti mbuzi zisathyoke miyendo, n'kukagona kwa achibale. M'mawa titavundukula, awiri a kumunsi anali ndi madzi ofika m'mawondo, otuluka pansi, achule atalowamo kale. La kumango linali louma. Mng'ono wanga anaima pamenepo manja ali m'chiuno, kenako anatulutsa foni n'kundipempha nambala ya injiniya uja. Ali mkati moimba, anazula chikhomo chimene anakhomera pangodya ya nyumba yake ya m'maganizo, n'kuyamba kukwera nacho chakumtunda, amayi akumutsatira pang'onopang'ono ndi thumba lawo la dongo.